Mfuti ya lever ikakanirira: onani pomwe dzanja laima musanagwire tupa

[Pa tebulo pali mfuti ziwiri zazifupi za lever, kabokosi ka zipolopolo zopanda wonga ndi kachipangizo koyezera utali.]

Moni nonse, abale anga, kulikonse kumene mukuonera. Ndisanayambe nkhani, taonani kaye izi. Ndatsitsa lever, chogwirira cha pansi pa mfutichi chomwe mumakoka ndi dzanja kuti mulowetse chipolopolo, mpaka pansi. M'chipinda momwe mumalowa chipolopolo mulibe kanthu. M'paipi yapansiyi, yomwe ndi magazini, ndikuona kapulagi kokankha zipolopolo kali poyera, kusonyeza kuti namonso mulibe. Inayi ndachita chimodzimodzi. Zipolopolo zomwe mukuziona m'kabokosimu zilibe wonga, zilibenso primer, kabatani kakumbuyo komwe kamayatsa moto. Zipolopolo zamoyo zili m'chipinda china, zotsekeredwa. Pokonza mfuti, chipolopolo chamoyo sichikhala pa tebulo. Ndipo kwa inu amene muli kumudzi, mukudziwa kuti mfuti siisungidwa popanda chilolezo cha boma. Ine ndikulankhula ndili kuno ku America, komwe mfutizi zinabadwira komanso komwe anthu amaomba nazo pa masewera a Cowboy Action Shooting.

Iyi ya kumanzere ndi yotengera Winchester ya 1873. Ya kumanja ndi yotengera Winchester ya 1892. Zoyambirirazo zinkapangidwa ku New Haven, ku Connecticut. Za masiku ano zimachokera kwina: Uberti, kampani yomwe inayamba mu 1959 ku Gardone Val Trompia ku Italy, imapanga za 1866 ndi 1873, Rossi ya ku Brazil ndi Chiappa ya ku Italy zimapanga za 1892, ndipo zomwe zalembedwa dzina la Winchester lero zimapangidwa ndi Miroku ku Japan. Kunja zimaoneka ngati pachibale, koma m'mimba mwake ndi zosiyana kotheratu, ndipo munthu amene sakudziwa kusiyanaku amapereka mankhwala a matenda ena.

Ndiyambe ndi ya 1873, chifukwa ndi yomwe ndimaikonda komanso ndi yomwe inandiphunzitsa zambiri. Ndachotsa mbale ya m'mbali kuti muone.

[Kamera iyandikira mkati mwa mfuti.]

Zitsulo ziwiri zolumikizanazi zimapinda ngati bondo. Bondo likawongoka, bolt, chitsulo chomwe chimatseka chipinda cha chipolopolo kumbuyo, yatseka ndipo siingabwerere m'mbuyo. Ndikamatsitsa lever, bondo likupinda, bolt ikubwerera, ikukankha hamala, kanyundo komwe kamamenya poomba, kuti ikhale yokonzeka, ndipo kambedza kali pamwamba pa bolt kakukoka chigoba chomwe chaombedwa kale. Tsopano penyetsetsani chibuma cha mkuwachi. Eni ake amati carrier, ine ndimachitcha chikepe, chifukwa ntchito yake ndi yomweyo, kukwera ndi kutsika. Chikepechi sichikwera pang'onopang'ono pamodzi ndi lever ayi. Chimadikira mpaka lever itatsala pang'ono kufika kumapeto, kenako n'kudumpha. Podumphapo chimamenya chigoba chakale n'kuchiponya kunja, ndipo nthawi yomweyo chabweretsa chipolopolo chatsopano pakhomo la chipinda. Mfutiyi ilibe chitsulo china choponyera zigoba. Chikepe chomwechi ndiye chimagwira ntchito zonse ziwiri.

Mukamvetsa zimenezi, vuto loyamba mwalipeza kale, ndipo vutolo ndi dzanja. Munthu akamafulumira, kapena akamaiopa mfuti yatsopano, amatsitsa lever n'kuibweza isanafike kumapeto. Chikepe chakwera theka, chigoba chakale chikadali mkati, bolt ikubwera n'kugunda mkuwa. Ndaonapo anthu ambiri ku malo oombera akunena kuti mfuti yawonongeka, koma mnzawo akaitenga n'kuikoka mpaka kumapeto, zipolopolo khumi zikutuluka bwinobwino. Lever imafuna kuti muifikitse pomwe yathera, muimve kuti yagunda, kenako muibweze mpaka itakhudza pansi pa mfuti. Simukufunika mphamvu zothyola nazo chitsulo. Chofunika ndi ulendo wathunthu.

Tsopano tifike pomwe pali nkhani yaikulu, utali wa chipolopolo. Pano ndikhalitsapo, chifukwa pa mfuti za 1873 zomwe ndaziona zikukanirira, zambiri zinalibe chilema chilichonse.

Mfutiyi ilibe kachitseko koletsa chipolopolo chachiwiri kutuluka m'magazini. Chomwe chimaletsa ndi chipolopolo choyamba, chomwe chakhala m'chikepe. Chikepe chinapangidwa molingana ndi utali wa chipolopolo chimodzi. Chikalowa chautali woyenera, chimadzaza malo onse, ndipo chotsatira chimaima pakhomo. Kukalowa chachifupi, pamatsala mpata, ndipo matako a chipolopolo chachiwiri amasuzumira m'chikepe. Kutsogolo kwa chikepe kuli kamtsetse komwe kamabweza chosuzumiracho ngati chalowa pang'ono. Chikalowa kwambiri, kamtsetseko sikangathe, chikepe chatsekeredwa pansi, ndipo lever imaima gwa itatsala pang'ono kufika kumapeto.

Winchester anapanga mfutiyi ndi chipolopolo cha .44-40, kenako .38-40 ndi .32-20, ndipo zonsezi utali wake ndi wofanana, pafupifupi mamilimita 40. Za masiku ano zambiri zimabwera mu .357 Magnum kapena .45 Colt. Chipolopolo cha .357 Magnum chimafika mainchesi 1.590, omwe ndi mamilimita 40.4, ndiye chimakwana bwino. Koma anthu ambiri amaombera .38 Special mu mfuti ya .357, chifukwa ndi yotsika mtengo komanso siikankha phewa. Zimenezo n'zololedwa, koma .38 Special malire ake ndi mainchesi 1.550, ndipo zambiri za m'sitolo, makamaka za mutu wopepuka, zimakhala zazifupi kuposa pamenepo.

Zinandichitikira ine ndemwe. Ndinagula mabokosi awiri a .38 a mutu wopepuka, ndinapita kukaomba, chachitatu lever inaima. Ndinakhala sabata yathunthu ndikuganiza kuti chikepe chili ndi vuto, ndipo tupa ndinali nditaitulutsa kale m'bokosi la zida. Bambo wina wachikulire wa ku kalabu kwathu, amene wakhala akukonza mfutizi zaka zambiri, sanaitsegule n'komwe. Anangotola chipolopolo chimodzi, n'kuchiyeza. Chinali cha mamilimita 36 okha. Anandipatsa zake zisanu zotalikirapo, zonse zinadutsa ngati madzi. Ndikanapala chikepe tsiku limenelo, ndikanawononga chinthu chabwinobwino, ndipo mkuwa womwe wapalidwa subwereranso.

Taonani pano ndi zopanda wongazi. Ichi chachitali, chikepe chakwera. Ichi chachifupi, mukuona kamkombero ka chachiwiri kasuzumira? Lever yaima. Chachitali kupitirira muyezo nachonso chimakanirira, koma mwanjira ina: mphuno yake imatsalira m'magazini, ndipo chikepe chikafuna kukwera chimaipana.

Maonekedwe a mutu nawonso ndi nkhani. Mutu wabwino wa mfutizi ndi wozungulira m'mbali koma wophwatalala pamwamba. Wa mapewa akuthwa, womwe amati semi-wadcutter, umakola pakhomo la chipinda. Wa wadcutter weniweni, womwe umalowa wonse m'chigoba, ndi waufupi kwambiri, musauyese. Ndipo ili ndi chenjezo la moyo: mutu wosongoka usalowe m'magazini ya paipi. Zipolopolo mmenemo zimakhala pamzere, mphuno ya china itatsamira primer ya chinzake. Mfuti ikagwedezeka poomba, nsonga ija ikhoza kuyatsa cha kutsogolo, ndipo magazini imaphulikira m'dzanja lanu lamanzere.

Kwa inu amene mumadzaza nokha zigoba, yang'anani mmene mwafinyira mlomo wa chigoba pa mtovu. Sipuling'i ya magazini imakankha mzere wonse, ndipo mfuti ikaomba zipolopolo zimagundana. Mutu wosafinyidwa bwino umalowa mkati, chipolopolo chafupika, chakanirira. Choopsa n'choti malo a wonga achepa, ndiye chikaombedwa mphamvu yake imakwera. Chipolopolo chomwe mutu wake walowa mkati chichotseni, musachiombe. Pitani ndi chala kumbuyo kwa chilichonse: primer yotukuka kunja imalimbitsa lever potseka, ndipo kuikakamiza n'kusewera ndi moto.

Palinso kukanirira kwina komwe kumachitika pa chipolopolo choyamba chokha. Mukadzaza kudzera pa kachitseko ka m'mbaliku, chomaliza kulowa chimatsalira m'chikepe, ndipo nthawi zina chimagona mopingasa, mkombero wake utakola m'mphepete mwa chitsulo cha kumbuyo. Mukamaliza kudzaza, chikankheni pang'ono ndi chala kuti chigone mowongoka. Ngati zikuchitikabe, yang'anani kasikuluwu ka kachitsekoko, kamamasuka. Kuseri kwa kachitseko kulinso kakhutu kopindika komwe kamaimitsa chipolopolo kuti chisapitirire kumbuyo. Pa za mtundu wa 1866, zija za thupi la mkuwa, kakhutuka kamadziwika kuti kamapindika kapena kuthyoka, ndipo kakatero chipolopolo chimalowa mpaka kwa bondo, mfuti yonse n'kuuma. Mankhwala ake ndi kachitseko katsopano.

Tsopano tiyerekeze kuti chipolopolo chalowa bwino, chaomba, koma lever ikukana kutsika, kapena yatsika chigoba n'kutsalira m'chipinda. Apa ganizirani za litsiro musanaganize china chilichonse.

Chigoba cha .38 Special ndi cha mamilimita 29.3, cha .357 Magnum ndi cha 32.8. Mukaomba .38 zambiri, pa mpata wa mamilimita atatu ndi theka otsalawo pamaunjikana mwaye ndi mtovu, n'kupanga kamphete kolimba m'chipinda. Tsiku lomwe mwaikamo .357, chigoba chachitalicho chimakwera pa kampheteko, kulowa movuta, kutuluka movutirapo. Burashi ya mkuwa yokulirapo pang'ono, mankhwala otsukira, ndi kuizunguliza m'chipindamo modekha, vuto latha.

Za .45 Colt zili ndi lawo. Chigoba chake n'chowongoka komanso chokhuthala, ndiye mukaika wonga wochepa sichifufuma mokwanira kuti chitseke chipinda. Utsi umabwerera m'mbuyo, n'kupaka mwaye pa chikepe ndi pa bolt. Mukaona chigoba chatuluka chitada mbali imodzi, ndi zimenezo. Chigoba cha .44-40 n'chopyapyala ndipo chili ndi kakhosi, chimatseka bwino, n'chifukwa chake mfuti za nthawi ya wonga wakuda zinkakhala zoyera mkati ngakhale wongawo unali wa utsi wambiri, womwe uja agogo athu ankathira mu gogodera. Winchester sankagulitsa mfuti ya 1873 mu .45 Colt m'masiku amenewo. Kuphatikiza kumeneku n'kwa masiku athu ano, ndipo mtengo wake ndi kutsuka pafupipafupi.

Mwaye ukasakanikirana ndi oyilo umasanduka phala, ndipo chikepe chimayamba kuzengereza. Njira yoyesera ndi yosavuta: masipuling'i atamasulidwa, chikepe choyera chimatsetsereka chokha m'njira yake. Ine m'mbali mwa chikepe sindipaka oyilo wambiri, ndimangopukuta ndi kansalu konyowa pang'ono. Girizi pang'ono amapita pa mfundo za bondo ndi pomwe masipuling'i amakhuza lever.

Kenako kambedza. Kwezani nsonga yake ndi chikhadabo. Kayenera kulimba, n'kubwerera kokha mwamphamvu. Pansi pake pamabisala litsiro lomwe limakakweza pang'ono, ndiye kamatsetsereka pa mkombero osaugwira. Kamtengo kotokosera mano kamachotsa zimenezo. Tsukaninso kamphako kali pamwamba pa khomo la chipinda, momwe kambedzako kamalowa bolt ikatseka. Ngati kambedzako kafooka kapena mlomo wake wadyeka, kasintheni. Pansi pa nkhope ya bolt palinso kamlomo kena komwe kamachirikiza mkombero wa chigoba. Kakathyoka, zigoba zimagwa m'malo moponyedwa, ndipo kuthyoka kwake kumasonyeza kuti bolt ndi chikepe sizikupatsana nthawi. Zimenezi zimachitika kawirikawiri munthu akaikamo zida zofupikitsa ulendo wa lever popanda kuzilinganiza. Ntchito imeneyo ndi ya mmisiri wa mfuti, ndipo ndikunena izi mosazengereza.

Masipuling'i awiri ophwatalala omwe ali mkatimu amamangidwa ndi masikuluwu a pansi pa mfuti. Wina amagwira lever kuti isalendewere, wina amagwira mkono wa chikepe. Wa chikepe akamasuka, chikepe chimakwera n'kubwerera pansi pang'ono, ndipo chipolopolo chimagunda m'munsi mwa khomo. Masikuluwu a mfuti zambiri zoterezi amabwera omangika kwambiri, ndipo mitu yake siichedwa kuphwanyika. Sikuludiraiva ya kukhitchini isayandikire. Pezani yokwana ndendende m'kamng'aluko, mulifupi ndi m'litali momwe.

Tiyeni ku ya 1892. Iyi anaikonza ndi John Moses Browning, pochepetsa mfuti yake yaikulu ya 1886. Mulibe bondo. Muli mipiringidzo iwiri yomwe imakwera n'kutseka bolt, ndipo n'chifukwa chake ndi yolimba kuposa ya 1873 ngakhale ili yopepuka. Chipolopolo sichikwera chogona m'chikepe chotsekeka. Chimakwera chopendekeka, mphuno m'mwamba, mkombero wake ukuyenda pakati pa tinjanji tiwiri, kumanzere ndi kumanja.

Matenda ake amachokera pamenepo. Tinjanjito tikatalikirana, chipolopolo chimaimirira njo, kapena kudumphira kunja chisanaombedwe. Tikapanikizana, chimakanirira pakati. Yambani mwaona ngati timasikuluwu take tili tomangika. Amisiri amaika kachitsulo kopyapyala kuseri kwa kanjanji ka kumanja kuti achepetse mpata, koma zimenezo zimafuna kuyeza, osati kulota. Mbali ya kumanzere kuli kachitsulo ka sipuling'i koletsa chipolopolo chachiwiri. Kakada kapena sipuling'i yake ikaikidwa mozondoka pobwezeretsa, ziwiri zimatuluka limodzi, china n'kulowa pansi pa chitsulo chonyamulira chipolopolo. Ya 1892 ili ndi choponyera zigoba chakechake pa nkhope ya bolt, ndipo pa zambiri zatsopano sipuling'i yake ndi yolimba kwambiri, moti gawo lomaliza potseka lever limalimba ndipo zigoba zimauluka kutali. Chimenecho si chilema. Kuitsuka mafuta a ku fakitale, kuipaka atsopano ndi kuiyendetsa kambirimbiri ndi zipolopolo zopanda wonga kumaifewetsa. Mfutiyi siikonda kunyengereredwa: ikokeni mwachangu ndi motsimikiza, ili chilili, osati yopendekera m'mbali.

Magazini ya mfuti zonse ziwiri anthu amaiiwala. Mkati mumachita dzimbiri, sipuling'i imatupa ndi litsiro, kapulagi kapulasitiki kamadyeka. Zizindikiro zake n'zoti zipolopolo zoyamba zimabwera bwino koma ziwiri zomaliza zimachedwa kapena osabwera. Potsegula chivindikiro cha kutsogolo gwirani ndi chala mwamphamvu ndipo valani magalasi, chifukwa sipuling'i ili kuseri kwake ndi yaitali ndipo imatuluka ngati njoka. Mukatsuka, paipiyo isiyeni pafupifupi youma.

Nanga ikakanirira muli zipolopolo zamoyo? Mlomo wa mfuti uloze komwe mumaombera, chala chichoke pa trigger, kachitsulo komwe mumakoka poomba, ndipo lever musaimenye. Ngati mukuona chachiwiri chasuzumira m'chikepe, chibwezeni m'magazini ndi kamtengo kapena kapulasitiki, mukukankha m'mphepete mwa mkombero, kutali ndi primer. Zikakanika, chotsani chivindikiro cha magazini, dzanja ndi nkhope zili pambali, mukhuthule zonse, kenako mutsegule mbale za m'mbali. Dziwani kuti mabondo aja amagwa okha mbale zikachoka, ndipo lamanzere ndi lamanja sasinthana.

Mukamva kulira kofooka, kongoti phu, imani pomwepo. Mwina mtovu watsalira mumpope, ndipo chotsatira chikaupeza mmenemo mpope umatupa kapena kung'ambika. Tulutsani zonse, lowetsani ndodo yotsukira muone ngati ikudutsa. Chimodzimodzi chipolopolo chikamalowa theka n'kuima pomwe chinzake chinalowa bwino: yang'anani chigoba chomwe changotuluka, mwina chaduka ndipo theka lake latsala m'chipinda.

Chomaliza pa ya 1873 ndi kachitsulo aka kali kuseri kwa trigger, komwe lever imakakankha ikatsekeka. Lever ikapanda kufika, trigger siiyenda, ndipo ena amaganiza kuti mfuti yakanirira, ena mpaka amakachotsa kuti aziomba mofulumira. Musakachotse. Ndi kamene kamaonetsetsa kuti bondo lawongoka mfuti isanaombe. Bondo likakhala lopinda pang'ono, bolt imabwerera ndi mphamvu yonse ya wonga, lever n'kumenya zala, chigoba n'kuphulikira pafupi ndi maso.

[Abwezeretsa mabondo ndi mbale, amanga sikuluwu, alowetsa zipolopolo zisanu zopanda wonga.]

Zisanu, zonse za mamilimita 40, mitu yophwatalala. Chomalizachi ndachiwongola ndi chala. Mverani kulira kwake: pansi mpaka yagunda, m'mwamba mpaka yatseka. Chimodzi. Ziwiri. Zitatu. Zinayi. Zisanu, ndipo kapulagi kaonekeranso. Ngati yanu ikukanirira, ndilembereni mtundu wake, chipolopolo chomwe mukugwiritsa ntchito ndi utali wake, komanso malo enieni pomwe lever ikuima, kaya potsika, kumapeto, kapena pobwerera. Vidiyo yotsatira tidzamasula ya 1892 yonse, chitsulo chimodzichimodzi.